Gitala ya Ngozi Family: phokoso la mu Lusaka limene dziko lapansi layambanso kumvera

LUSAKA – M'mwezi wa October 2024, woimba wa ku America wotchedwa Tyler, the Creator anatulutsa nyimbo yake ya Noid, ndipo anthu ambiri a m'dziko la Zambia amene anaimva anadzidzimuka atamva mawu a Chinyanja pamodzi ndi kulira kwa gitala kumene makolo awo ankavina zaka pafupifupi 50 zapitazo. Mawuwo ndi a malemu Paul Ngozi, ndipo anatengedwa m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi imene gulu la Ngozi Family linatulutsa mu 1977.

Chimbale cha Chromakopia, momwe muli nyimboyi, chinafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard wa zimbale zogulidwa ndi kumvedwa kwambiri m'dziko la America. Dzina lenileni la a Ngozi, lomwe ndi Paul Dobson Nyirongo, lili m'gulu la mayina a anthu amene analemba nyimbo ya Noid.

M'dera la Kabwata mu mzinda wa Lusaka muli msewu wotchedwa Paul Ngozi. Ambiri mwa achinyamata amene amadutsa mumsewuwu popita ku sukulu kapena kokakwera basi anabadwa mwini dzinalo atamwalira kale. M'nkhani ino tikufotokoza za munthu ameneyu, za gulu lake, za mmene phokoso laukali la gitala yake linkapangidwira, komanso chifukwa chake anthu okonda nyimbo zolemera za gitala ku Ulaya ndi ku America akuzifunafuna zimbale zake.

Mwana wa mu Chibolya

A Paul Nyirongo anabadwa mu 1949 ndipo anakulira m'komboni ya Chibolya, kufupi ndi pakati pa mzinda wa Lusaka. Panthawiyo mzindawu unali wogawikana malinga ndi khungu la munthu. Kuyambira mu 1935, pomwe atsamunda a ku Britain anausandutsa likulu la dziko la Northern Rhodesia, azungu ankakhala m'mayadi a mitengo yambiri monga Woodlands ndi Kabulonga, pomwe anthu akuda ogwira ntchito m'tauni ankakhala m'malo monga Kabwata, Chilenje, Matero ndi Chibolya. Tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu timene tasungidwa pa Kabwata Cultural Village ndi umboni wa nyumba zimene ogwira ntchito ankapatsidwa masiku amenewo.

Dziko litalandira ufulu wodzilamulira pa 24 October 1964, malamulo oletsa anthu akuda kulowa m'tauni mwakufuna kwawo anatha, ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka kuchokera m'zigawo zonse. Mu 1963 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 123,000, koma pofika mu 1980 chiwerengerocho chinapitirira 500,000. Makomboni anadzaza, ndipo Chinyanja cha m'tauni, chosakanikirana ndi Chibemba, Chinsenga ndi Chizungu, chinakhala chinenero cha pamsika, m'basi ndi m'mabala.

Ndalama za mkuwa zinali zambiri m'zaka zimenezo, ndipo m'masitolo a m'tauni munkapezeka zimbale za oimba a kunja monga Beatles, Rolling Stones, Jimi Hendrix, Deep Purple ndi Black Sabbath. M'mwezi wa December 1970, woimba wa ku America James Brown anadzaimba ku Lusaka ndi ku Ndola. Anyamata ambiri, kuyambira ku Matero mpaka ku Chelstone, anayamba kulakalaka gitala ya magetsi. Iwo amene makolo awo analibe ndalama ankayambira pa banjo yopanga okha ndi chitini cha mafuta, thabwa ndi waya.

A Nyirongo anali m'modzi wa anyamata amenewa. Anaimba m'magulu a achinyamata a mu Lusaka monga Scorpions ndi Three Years Before, ndipo kenaka anapita ku Nairobi m'dziko la Kenya komwe anaimba kwa kanthawi ndi gulu la Musi-O-Tunya. Gulu limeneli, lomwe mmodzi mwa oliyambitsa anali a Rikki Ililonga, ndi limodzi mwa magulu oyamba kusakaniza gitala ya rock ndi ng'oma za kwathu. Atabwerera ku Lusaka cha pakati pa zaka za m'ma 1970, a Nyirongo anakhazikitsa gulu lawolawo. Dzina loti Ngozi linawakhala chifukwa cha ukali wa kaimbidwe kawo pabwalo, pomwe nthawi zina ankaliza gitala ndi mano monga ankachitira Jimi Hendrix.

Lamulo limene linatsegula wailesi

Gulu la Ngozi Family linabadwa pa nthawi yabwino. Cha pakati pa zaka za m'ma 1970, mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia, Dr Kenneth Kaunda, amenenso anali wokonda kuliza gitala, analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za oimba a m'dziko muno. Wailesi inali imodzi yokha, ya Zambia Broadcasting Services, imene pambuyo pake inasanduka ZNBC. Choncho lamulolo linasintha zinthu nthawi yomweyo. Owulutsa mawu anafunika nyimbo zambiri za kwathu zoti adzaze nazo mapologalamu, ndipo makampani ojambula nyimbo anayamba kufunafuna oimba.

Kampani ya Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo ku Ndola inatulutsa zimbale zambiri za magulu atsopanowa. Kampani ya Teal, nayonso ya ku Ndola, inali ndi fakitale yodindira zimbale. Mu Lusaka munali situdiyo ya DB, ndipo ku Chingola kunali ya Malachite. Magulu ena ankayenda ulendo wautali wa ku Nairobi kukajambula nyimbo chifukwa kumeneko kunali zipangizo zabwinopo.

Cholinga cha boma chinali kulimbikitsa chikhalidwe cha dziko pansi pa mfundo yoti Zambia ndi mtundu umodzi. Koma achinyamata ambiri sanabwerere ku nyimbo za kumudzi monga akuluakulu ena ankayembekezera. Iwo anatenga rock imene anaizolowera n'kuiveka chinenero ndi kagundidwe ka ng'oma ka kwawo. Mtundu wa nyimbo umenewu unatchedwa Zamrock, dzina limene amati linayamba ndi malemu Dr Manasseh Phiri, amene panthawiyo ankaulutsa nyimbo pa wailesi asanatchuke ngati dokotala wolimbana ndi matenda a Edzi.

Magulu ambiri otchuka a Zamrock anachokera ku Copperbelt. Gulu la WITCH, lotsogozedwa ndi a Emmanuel Jagari Chanda, komanso la Amanaz, onse anali a ku Kitwe, ndipo mu 1975 anatulutsa zimbale za Lazy Bones!! ndi Africa. Gulu la Ngozi Family linali la mu Lusaka, ndipo mwa magulu onsewa ndilo linali ndi phokoso lolemera ndi laukali kuposa ena.

Kodi phokosoli limapangidwa bwanji?

Munthu womva chimbale cha Ngozi Family koyamba akhoza kuganiza kuti sipika yang'ambika kapena kuti wailesi sinagwire bwino siteshoni. Koma kunjenjemera kwa mawu kumeneko n'kochita kufuna, ndipo oimba amakutcha fuzz.

Gitala ya magetsi payokha ilibe mawu okweza. Pansi pa nsambo zake zachitsulo pali timaginito tokulungidwa ndi waya wopyapyala. Nsambo ikagwedezeka, timaginitoto timatulutsa mphamvu yochepa ya magetsi imene imakwera ndi kutsika motsatira kugwedezekako. Mphamvuyo imadutsa m'chingwe kupita ku ampulifaya, imene imaikuza n'kuitumiza ku sipika. Zonse zikayenda mwa muyezo wake, mawu amatuluka oyera ngati a gitala wamba.

Kabokosi ka fuzz kamaikidwa pakati pa gitala ndi ampulifaya, ndipo woimba amakaponda ndi phazi. Mkati mwake muli timatiranzisita tiwiri kapena titatu tomwe timakuza mphamvu ija mopyola muyezo umene tingathe kunyamula. Zili ngati kuthira madzi a mumgolo m'kapu: kapu ikadzaza, otsalawo amatayika. Nsonga za mafunde a mawu zimadulidwa, ndipo funde limene linali losalala limasanduka la makona. Khutu la munthu limamva funde lotereli ngati kulira kwa njuchi zambirimbiri kapena kwa sowo yodulira matabwa. Chinanso n'chakuti mawuwo sazima msanga. Nsambo imodzi ikakhudzidwa imalira kwa nthawi yaitali.

Kabokosi koyamba kotere kogulitsidwa m'masitolo kanatuluka ku America mu 1962, ndipo kanatchuka mu 1965 pomwe gulu la Rolling Stones linakagwiritsa ntchito m'nyimbo ya Satisfaction. Oimba ambiri a ku Ulaya ankakaponda pa chigawo chimodzi chokha cha nyimbo. A Ngozi ankakonda kukasiya kali koyaka pafupifupi nyimbo yonse, mwakuti fuzz inasanduka mawu enieni a gululo. Nthawi zina ankawonjezera chopondera china chotchedwa wah-wah, chimene chimatsegula ndi kutseka mawu a gitala ngati pakamwa pa mwana wolira.

Chachiwiri chimene chimapanga phokosoli ndi kamangidwe ka nyimbo. Nyimbo zambiri za gululi zimaima pa kachigawo kafupi ka gitala, ka mawu anayi kapena asanu, kobwerezedwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Oimba a rock amakatcha riff. Kwa munthu amene anakulira pafupi ndi bwalo la gule, kubwereza kotereku si kwachilendo, pakuti ng'oma za vimbuza, chimtali ndi gule wamkulu nazonso zimazungulira pa kagundidwe kamodzi mpaka wovina atatenthedwa. N'chifukwa chake rock yolemera inamera mosavuta pa nthaka ya Zambia.

Chachitatu ndi kuchepa kwa oimba. Mtima wa gululi unali anthu atatu okha: a Ngozi pa gitala ndi kuimba, a Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma, ndiponso woliza besi, udindo umene a Tommy Mwale anaugwira pa nthawi imene gululi linali pachimake. Popanda malipenga kapena limba lodzaza mipata, aliyense mwa atatuwa ankayenera kumveka mokwanira. Besi inkatsata mapazi a gitala kuti mawu akhale onenepa, ndipo ng'oma za a Tembo zinkagunda mouma ndi mosakometsera. Zipangizo zochepa za m'masitudiyo a nthawi imeneyo zinachititsa kuti nyimbo zijambulidwe msangamsanga, oimba onse akuliza pamodzi, ndipo tizolakwa ting'onoting'ono tinkatsala momwemo. Lero anthu ambiri akunja amati kusasalala kumeneko ndiko kukoma kwake.

Zimbale za 1976 ndi 1977

Chimbale choyamba chodziwika cha gululi ndi Day of Judgement cha mu 1976. Pa chimbale chimenechi pamamveka chikoka cha Black Sabbath, makamaka m'nyimbo zoyenda pang'onopang'ono zokamba za imfa ndi chiweruzo. Muli nyimbo za Chizungu komanso za Chinyanja, monga Kumanda kwa Bambo Wanga ndi Tikondane.

Mu 1977 gululi linatulutsa 45,000 Volts, chimene chinajambulidwa ku Nairobi. Dzina lake lokha likunena za mphamvu ya magetsi, ndipo ambiri amati ndicho chimbale chawo chakuthwa kwambiri. Mmenemo ndimo muli Nizakupanga Ngozi ndi Hold On, komanso nyimbo yomvera chisoni anthu a ku Zimbabwe amene panthawiyo anali pakati pa nkhondo yomenyera ufulu wawo.

M'nyengo yomweyo munatuluka The Ghetto, chimbale chimene chinalembedwa dzina la a Paul Ngozi okha. Nyimbo zake zikuzungulira pa mutu umodzi, womwe ndi moyo wa m'komboni: umphawi, kuledzera kwa makolo, ana osiyidwa opanda owasamala, ulesi, kutaya mtima ndi pemphero. A Tembo nawo anatulutsa chimbale chawo cha My Ancestors, momwe iwo ankaimba ali pa ng'oma, ndipo gitala inali m'manja mwa a Ngozi.

Chimene chinawasiyanitsa a Ngozi ndi anzawo ambiri ndi nkhani zimene ankaimba. Oimba a rock a ku Ulaya ankakonda kuimba za ziwanda, nkhondo za m'nthano ndi maulendo a m'mlengalenga. A Ngozi ankaimba za apongozi, za alamu, za miseche ya oyandikana nawo nyumba, za mwamuna womwera malipiro onse, za maliro ndi za mabanja osokonekera. Anali ngati mlangizi wa pamudzi amene wanyamula gitala ya magetsi. Ankaimba m'Chinyanja cha mumsewu chomwe mayi wogulitsa tomato pamsika ndi kondakitala wa basi ankachimva popanda womasulira. N'chifukwa chake anakondedwa ngakhale ndi anthu amene analibe chidwi ndi rock ya kunja.

Mdima ugwa pa mzinda

Nthawi ya Zamrock sinakhalitse. Chuma cha Zambia chinkadalira mkuwa, umene unkabweretsa ndalama zoposa 90 mwa 100 zilizonse zochokera ku malonda a kunja. Mtengo wa mafuta unakwera kwambiri mu 1973, chaka chomwecho boma la Ian Smith la ku Rhodesia linatseka malire, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Ndalama zakunja zinayamba kusowa. Nsambo za gitala, zipangizo zokonzera ma ampulifaya ndi pulasitiki yodindira zimbale zonse zinkachokera kunja, ndipo zinakhala zovuta kupeza. Munthu amene ankaima pamzere kudikira unga, sopo ndi mafuta ophikira sakanaika ndalama pa chimbale.

Nkhondo ya ku Zimbabwe nayo inafika pakhomo. Pa 19 October 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa Lusaka, ndipo mu April 1979 asilikali a dzikolo analowa mu mzinda n'kugumula nyumba imene a Joshua Nkomo ankakhala. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi. Kwa oimba amene ankadya za usiku, kumeneku kunali kuwatsekera munda. Magulu ambiri anayamba kuimba masana, ndipo ndalama za pakhomo zinachepa.

Kenaka kunabwera disco. Mwini bala anaona kuti n'kotchipa kulipira munthu mmodzi woika zimbale kusiyana ndi kudyetsa gulu lonse. Makaseti ojambulidwa mwakuba anadzaza m'misika, ndipo woimba sankalandirapo kalikonse. M'zaka za m'ma 1980 makutu a anthu anatembenukira ku kalindula ya a PK Chishala, Amayenge, Shalawambe ndi magulu ena. Gulu la WITCH linasinthira ku disco. A Ngozi anapitiriza kujambula nyimbo m'zaka zimenezo, akufewetsa gitala yawo ndi kuyandikira kagundidwe ka kwathu, koma osasiya nkhani za m'komboni.

Chomaliza chinali mliri wa Edzi. Mu 1987 Dr Kaunda anauza dziko lapansi poyera kuti mwana wawo Masuzyo, amene anamwalira mu December 1986, anafa ndi matendawa. Mliriwu unakolola oimba ambiri a m'badwo wa Zamrock. Mwa anthu amene anaimba pa zimbale zoyamba za WITCH, a Jagari Chanda okha ndiwo anatsala. A Paul Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40. Akuluakulu amati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Kuchokera ku Birmingham mpaka ku Copenhagen

Kuti timvetse chifukwa chake achinyamata a ku Ulaya akuchita chidwi ndi zimbale za mu Lusaka, tiyenera kuona kumene gitala yolemera inalowera Zamrock itazilala.

Gwero lake ndi mzinda wa mafakitale wa Birmingham ku England, kumene gulu la Black Sabbath linatulutsa chimbale chake choyamba mu February 1970. Woliza gitala wa gululo, Tony Iommi, anaduka nsonga za zala ziwiri pa makina a m'fakitale ali ndi zaka 17. Pofuna kuchepetsa ululu, anayamba kugwiritsa ntchito nsambo zofewa, ndipo pambuyo pake anazimasulako kuti zisakhale zokungika kwambiri. Nsambo yomasuka imalira mawu otsika ndi olemera. Mwa njira imeneyi ngozi ya pantchito inathandiza kubala mtundu wa nyimbo wotchedwa heavy metal.

Mtunduwu unagawikana nthambi zambiri. Ena anathamangitsa nyimbo, monga gulu la Metallica, limene woimba ng'oma wake Lars Ulrich ndi wa ku Denmark. Ena anachita zosiyana: anachedwetsa nyimbo, anazitalikitsa mpaka mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo anasiya dongosolo la vesi ndi kolasi. Nyimbo imayamba mwakachetechete, n'kumakula pang'onopang'ono ngati mtambo wa mvula, mpaka kugwa ndi mphamvu yonse. Nthambi imeneyi imatchedwa post-metal. Gulu la Neurosis la ku Oakland ku America ndilo linatsegula njirayi m'zaka za m'ma 1990, ndipo ku Ulaya inakula ndi magulu monga Cult of Luna la ku Umeå m'dziko la Sweden.

Ku Denmark, limodzi mwa magulu odziwika a mtunduwu ndi LLNN la mu mzinda wa Copenhagen, limene linatulutsa zimbale za Loss mu 2016, Deads mu 2018 ndi Unmaker mu 2021. Gululi limasakaniza magitala otsitsidwa kwambiri ndi mawu a makina onga a m'mafilimu a za m'mlengalenga, ndipo woimba wake amachita kukuwa m'malo moimba mwanthetemya.

Magulu amenewa ndi Ngozi Family amasiyana m'zambiri. A ku Copenhagen amajambula ndi makompyuta ndi zipangizo zamakono, ndipo mawu a nyimbo zawo samveka msanga. A Ngozi ankaimba nyimbo zazifupi zokhala ndi uthenga woti aliyense aumve ndi kuuvina. Koma onse anamwa pa chitsime chimodzi cha ku Birmingham, ndipo onse amadalira zinthu zitatu zofanana: gitala yodulidwa mafunde, kachigawo kobwerezabwereza, ndi kulemera kwa mawu kumene munthu amakumva m'chifuwa asanakumve m'khutu. Munthu amene anazolowera post-metal akamva Day of Judgement amazindikira chibale nthawi yomweyo, ndipo amadabwa kuti zimenezi zinkachitika mu Lusaka mu 1976.

Palinso ulusi wina wolumikiza maiko awiriwa. A Rikki Ililonga, amene anaimba m'gulu la Musi-O-Tunya, anakhala zaka zambiri ku Denmark, ndipo anasunga matepi oyambirira a nyimbo zawo. Matepi amenewo anathandiza kwambiri pomwe nthawi yotsitsimutsa Zamrock inafika.

Zimbale zibwerera

Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, anthu osonkhanitsa zimbale zakale ku Ulaya ndi ku America anayamba kugula zimbale za Zamrock pa mitengo yokwera. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ya a Eothen Alapatt odziwika kuti Egon, inatulutsa nyimbo za a Ililonga ndi Musi-O-Tunya mu 2010 pa dzina loti Dark Sunrise, kenaka zimbale za WITCH mu 2012, ndipo mu 2017 inatulutsa magawo awiri a Welcome to Zamrock!, pogwirizana ndi wolemba mbiri ya nyimbo za Zambia a Leonard Koloko. Kampani yomweyo inadindanso Day of Judgement ndi 45,000 Volts.

Mu 2019 munatuluka filimu ya We Intend to Cause Havoc, yokonzedwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy, yofotokoza moyo wa a Jagari Chanda, amene atasiya kuimba anakhalapo mphunzitsi komanso wokumba miyala ya mtengo wapatali. Gulu la WITCH linadzukanso ndi a Chanda, a Patrick Mwondela ndi oimba achinyamata a ku Ulaya, ndipo linatulutsa zimbale zatsopano za Zango mu 2023 ndi Sogolo mu 2025. Woimba wa ku Zambia Sampa the Great analemekeza Zamrock pa chimbale chake cha mu 2022, ndipo mu 2023 Travis Scott wa ku America anagwiritsa ntchito nyimbo ya Amanaz pa chimbale cha Utopia. Nyimbo ya Noid inadza pamwamba pa zonsezi.

Funso limene latsala

Kutchuka kwatsopanoku kwadzutsa mafunso awiri kwa anthu a m'dziko la Zambia. Loyamba ndi la umwini. Woimba wakunja akatenga chigawo cha nyimbo yakale n'kuchiika mu yake, amayenera kupempha chilolezo ndi kulipira mbali ziwiri: mwini wa nyimbo yolembedwa, ndi mwini wa mawu ojambulidwa. Lamulo la dziko la Zambia la mu 1994 loteteza ntchito za olemba ndi oimba linaika kuti nyimbo imatetezedwa moyo wonse wa woilemba ndi zaka zina 50 iye atamwalira, ndipo bungwe la ZAMCOPS linakhazikitsidwa kuti lizitolera ndalama za oimba. Koma ambiri a m'badwo wa Zamrock anamwalira lamuloli lisanabwere, ndipo ana awo ndi adzukulu ndiwo ayenera kudziwa kuti nyimbo ndi chuma chamasiye chofanana ndi nyumba kapena munda. Banja limene lili ndi mapepala a mgwirizano, zithunzi, matepi kapena zimbale za kholo lawo lisazitaye kapena kuzigulitsa mothamanga kwa munthu wodutsa.

Funso lachiwiri ndi la kusunga. Matepi ambiri oyambirira a nyimbo za m'ma 1970 anasowa pomwe makampani ojambula anatsekedwa, mwakuti nyimbo zina zatsitsimutsidwa kuchokera pa zimbale zokandikakandika zopezeka m'nyumba za anthu. Tepi ikakhala pa chinyezi ndi kutentha imawonongeka, ndipo ikawonongeka mawu a munthu amene anamwalira kale sangajambulidwenso. Zimbale zodindidwanso kunja nazo ndi zodula kwa munthu wamba wa mu Lusaka, ngakhale kuti intaneti yathandiza kuti wachinyamata wa ku Chelstone kapena ku Kabwata azimve nyimbozi pa foni yake.

Omvera athu amene anakhalapo m'zaka zimenezo akudziwa zambiri zomwe sizinalembedwe m'buku lililonse: maholo kumene gululi linkaimba, mtengo wa tikiti, zovala za nthawiyo ndi mmene anthu ankavinira. Amenewa ndi mboni zotsala za mbiriyi. Mdzukulu akafunsa kuti munthu amene dzina lake lili pa msewu wa mu Kabwata anali ndani, ayenera kupeza yankho panyumba pomwepo, osachita kudikira kuti woimba wa ku Los Angeles amuuze.